Achemwali Akuti Ndibweze Mayi wa Pakona

Aphungu,

Chaka chimene ababa anabwera ndi kanema kuchokera ku Joni, ine ndinali nditangomaliza Fomu 4. Anali kanema wa chimsana chachikulu, woyendera batire ya galimoto, ndipo eriyo yake tinaimangirira kunsonga ya nsungwi kuseri kwa nyumba. Ntchito yopotokola nsungwiyo inali yanga. M'nyumba zina wa m'kati ankakuwa kuti "pomwepo, bwerera pang'ono," koma kwathu kunalibe kukuwa. Achemwali anga a Safia samva chibadwire, ndipo ndi iwo amene anali ndi diso lodziwa chithunzi chabwino. Ankandimanga kachingwe padzanja n'kukadutsitsa pawindo. Akakoka kamodzi ndipotokole, akakoka kawiri ndisiye. Tsiku lina anakoka mwamphamvu mpaka ndinagwera m'ndowa ya madzi. Nditasuzumira pawindo ndinawapeza akuseka mpaka misozi. Chithunzi chinali bwinobwino, iwo anangofuna aone ngati ndingagwe.

Ndayamba ndi zakalezi kuti mudziwe kuti ine ndi achemwali sitinali anthu odana. Lero tonse ndife akuluakulu, makolo anatisiya, tikukhala pakhomo lomwelo kuno ku Chowe, iwo m'nyumba ya makolo, ine ndi banja langa pambali. Koma uno ndi mwezi wachitatu asakundiyang'ana kumaso.

Ali mwana anaphunzirako zaka zochepa kusukulu ya ana osamva, n'kubwerako ndi chinenero chamanja. Ife kunyumba sitinachiphunzire. Tili ndi tizizindikiro tathutathu: chakudya, mvula, maliro, mlendo. Ndinkaona ngati n'zokwanira. Kenaka pa nkhani za madzulo anayamba kuika mayi womasulira ndi manja pakona ya chithunzi. Mukanawaona achemwali tsiku limenelo. Anakokera mkeka pafupi mpaka mawondo kugunda tebulo. Kuyambira pamenepo nthawi ya nkhani ikakwana, kaya ndiwo zili pamoto, iwo amakhala pamaso pa mayiyo. Ankamugwedezera mutu, ankatsutsana naye, mwinanso kumukalipira. Za kolera anadziwa ine ndisanamve, n'kuyamba kuwiritsa madzi a pakhomo ponse. Kuno kumapiri chithunzi chathu chinali chodzaza mchenga, koma manja ankaoneka, ndipo iwo ankawawerenga.

Ndiye kunabwera nkhani ya dijito. Pa wailesi ankati boma laika ndalama zochuluka kuti dziko lisamukire ku kaulutsidwe katsopano, chithunzi chizikhala choyera. Ine ndinamva kuti makanema akale onse aleka kugwira ntchito. Pamsika ena ankati boma ligawa timabokosi ulere, ena ankati ligula makanema akalewo. A Zubair a pagolosale anati, "Ndalamazo agula mphepo yatsopano, yakale ija yatha ntchito." Tinaseka, koma mpaka lero sindikudziwa ngati ananama.

Ndinachita mantha kuti achemwali adzadzuka tsiku lina mayi wawo kulibe. Ali kudimba, ndinanyamula kanema wa ababa n'kukamusiya kwa a Sefu okonza mawailesi kwa Mponda, n'kugula wina wopyapyala. Wogulitsayo anati, "Uyu ndiye dijito yeniyeni, bwana, mukangolumikiza basi." Ndinkafuna kuti ikhale mphatso. Kufika kunyumba, kanemayo sanaonetse kanthu. Anthu anati pakufunikanso dikoda. Ndinabwerera, ndinaigula.

Tsopano chithunzi n'choyeradi, mpaka ndolo za mayi uja zimaoneka. Koma mayiyo sachedwa kuuma. Amakweza dzanja, n'kuuma pomwepo, nkhope n'kusweka timabokosi timabokosi, ndipo akamabwerera ali kale pa nkhani ina. Ife akumva tikatopa timatsegula wailesi. Nanga achemwali atsegule chiyani?

Ndinayesa kufotokoza, koma m'tizizindikiro tathu mulibe boma, mulibe dijito. Ndinatenga pepala, poti amawerenga pang'ono. Ndinalemba kuti, "Boma lasintha makanema." Iwo analemba kuti, "Boma linalowa m'nyumba muno?" Ndinalemba kuti, "Laika ndalama zambiri kuti zizioneka bwino." Anayang'ana mayi woumayo, anandiyang'ana ine, n'kulemba kuti, "Wa ababa ali kuti? Bweza mayi uja."

Ndinapita kwa a Sefu. Akuti ngakhale nditamubweza kanema wa ababayo, zoulutsa zakale zija a boma anazimitsa. A Zubair akuti kwa alamu awo zakalezo zikuonekabe. Wina akuti ndigule dishi, mbale ya padenga ija. Sindikudziwa womvera.

Sabata yatha akazi anga a Zakia anapeza achemwali atalongedza chikwama. Akuti Idi ikadutsa akukakhala ku Liwonde kwa mnzawo wa kusukulu kuja, nayenso wosamva. Chibadwire changa, kupatula zaka za sukulu zija, sindinadye Idi popanda iwo, ndipo iyi ikhoza kukhala yomaliza.

Aphungu, ndalama zimene amanenazo zinagula chiyani, ngati ife chithunzi chamchenga chinkatiuza zambiri kuposa choyerachi? Kodi ndalakwa ine kapena boma? Ndikadandaule kuti? Ndipo ndingawaletse bwanji kuchoka? Nambala ili pansiyi ndi ya a Zakia, yanga inagwera m'chitsime.

Z.M., Chowe, Mangochi

Bambo Z.M.,

Mwafunsa mafunso anayi, koma mavuto muli nawo awiri, ndipo la kanemalo ndi laling'ono. Tiyambe ndi limenelo.

A Zubair sanaphonye kwambiri. Ndalama za ntchito ngati imeneyi zimapita kwenikweni ku makina oulutsira ndi nsanja zotumizira zithunzi, osati m'nyumba mwanu. N'chifukwa chake simunazione. Ngati zinagwira ntchito yonse imene zinayenera kugwira, ine sindingalumbire, ndipo inu muli ndi ufulu wofunsa. Lembani kalata kwa khansala wanu ndi ku bungwe loyang'anira za mauthenga, munene dera, munene kuti chithunzi chimauma, ndipo munene mosabisa kuti pakhomo panu pali munthu wosamva amene nkhani zake zonse zimadzera pamenepo. Anzanu a m'mapirimo asayine nawo. Kalata ya anthu makumi awiri siitayika msanga ngati ya mmodzi.

Kuumako musakuone ngati tsoka lanu lokha. Kaulutsidwe kakale mphamvu ikachepa kankabwera ndi mchenga koma kankafikabe. Katsopanoka mphamvu ikachepa kamangoima. Kawirikawiri wolakwa amakhala eriyo: yachikale, yaifupi, yoloza kolakwika, kapena waya wake wadyeka. Itanani a Sefu abwere kunyumba nthawi ya nkhani yeniyeniyo, ayese eriyo yoyenera dikoda pamalo okwera, achemwali anu akuonera. Iwo akavomera, ndiye mulipire. Phiri likakana ndithu, pamenepo ganizani za mbale, mutafunsa kaye ngati nkhani za mayi ujazo zimapezekapo. Ndipo a Sefuwo abwere ndi kanema wa ababa ngati sanamuphwasule. Makanema ambiri akale amagwira ntchito ndi dikoda. Sanafunike kuchoka m'nyumbamo.

Apa ndiye pali vuto lalikulu. Munalowa m'nyumba ya achemwali anu iwo ali kudimba, n'kuchotsa chinthu cha bambo wawo osawafunsa. Mtima unali wabwino, ndikuvomera. Koma mukanatero kwa mlongo wakumva? Funso lawo lija linali lolunjika, ndipo yankho lake n'lakuti ayi, boma silinalowe m'nyumbamo, munalowa ndinu. Pepesani pa chimenecho, osatchula boma.

Chinanso, ndipo musandikwiyire. Zaka zonsezi munthu amene ankalankhula ndi achemwali anu m'chinenero chawo anali mlendo wa pakona ya kanema, wosawaona n'komwe. Inu munali pambali pomwepo ndi chakudya, mvula, maliro, mlendo. Munthu wamkulu sangakhale moyo wonse pa mawu anayi. Kanema atauma, anazindikira kuti pakhomopo palibe wocheza naye. Ku Liwonde sakutsata chithunzi choyera ayi, akutsata munthu woti akamuseketsa amuyankhe.

Choncho funso lanu lomaliza ndalikana. Musawaletse. Musabise chikwama, musatume amalume, musakonze kanema ngati msampha. Akafuna kupita apite, ndipo muwaperekeze. Liwonde si kutali. Chimene mungataye si munthu wodya naye Idi chabe, koma mlongo amene simunamumvepo akufotokoza maganizo ake mpaka kumapeto. Yambani kuphunzira manja tsopano, inu ndi a Zakia ndi ana omwe. Zala za munthu wamkulu zimalimba, mudzasekedwa, koma pirirani.

Kalata yanu ndaisunga masabata atatu ndisanayankhe chifukwa ndinkafunafuna munthu. Woyamba anali atasamuka, wachiwiri sanayankhe foni. Wachitatu ndi mayi Enid, mphunzitsi wa chinenero chamanja amene amakhala pa boma pa Mangochi pomwepo. Avomera kubwera ku Chowe Loweruka lisanafike Idi, nthawi ya 9 koloko m'mawa, kudzamasulira pakati pa inu awiri. Chenjezo langa ndi ili: akamamasulira, maso anu akhale pa achemwali anu, osati pa mayi Enid, ndipo musadule mawu ngakhale amene mukumvawo akuwawa.

Sindikanapangana tsiku popanda mwiniwake. Mayi Enid anadzijambula akufunsa ndi manja, n'kutumiza pa foni ya a Zakia, ndipo a Zakia anakawaonetsa achemwali anu kudimba. Akuti anaonera katatu, kenaka anapukuta manja n'kuuza a Zakia kuti nawonso awajambule. Yankho lawo mayi Enid andimasulira motere: "Bwerani. Chikwama sindimasula. Ndipo mumuuze mlongo wangayo adyeretu, chifukwa ndili ndi zambiri."

Aphungu