Nkhupakupa za amalume

Lachitatu. Ndatopa, msana ukuchita kuwawa.

Tsiku lonse ndinali chiimire ku labu, kupera nkhupakupa za ng'ombe za eni ake n'kumafufuza mabakiteriya amene zimanyamula. Koma zimene ndimadikira ine zinali za amalume a ku Chinsapo. Mbuzi zawo zitatu zafa mwezi uno. Iliyonse imayamba kuzungulirazungulira ngati yaledzera, kenako n'kugwa. Ndikukayikira nkhupakupa zamawangamawanga zija, koma sindingawauze mankhwala oti agule ndisanayeze.

Lamlungu ndinawafotokozera bwinobwino pafoni kuti athothole pa mbuzi iliyonse, aike m'kabotolo, abwere nazo zamoyo.

Afika cha m'ma folo koloko, atavala jekete la kutchalitchi, thukuta lili kamukamu. Atulutsa kabokosi ka machesi. Kutsegula, makala okhaokha.

"Amalume, mwazitani?"

"Ndinaziponya kaye pambaula. Zinthu zopha mbuzi ndikwere nazo minibasi zamoyo? Nanga zikakuluma iweyo, amako ndikawauza chiyani?"

Ndinafuna kukalipa. Ndangowauza kuti m'zopsa sitingapezemo kanthu. Anabweza kabokosi kaja m'thumba mosamala, ngati mudakali chinthu chofunika. Kutalika konse kuja, maminibasi awiri.

Loweruka ndipita ndekha ndi mabotolo anga, ndikathothole ndi manja angawa. Koma potsanzika pageti ananena kuti mbuzi yawo ina yaikazi yabere sinadye m'mawa, yangoima pakona pa khola.

Loweruka ndi kutali.