Magetsi Ofiira a Mlamu Wanga

Lolemba, 6 Okutobala

Tanyamuka padoko la Toulon m'mawa. Mphepo yochepa. Khofi woipa ngati kale.

Oyendetsa ndege atsopano abwera kudzayesedwa kutera pasitima yathu yapamadzi yonyamula ndege zankhondo. Wowayesa ndine. Malo anga ndi kumbuyo kwa sitima, wailesi kukhutu, batani la magetsi ofiira m'manja. Ndikadina, ndege isatere, ikwerenso. Mmodzi mwa iwo ndi Tugdual, mlongo wake wa Soizic, mkazi wanga. Ndinapempha kuti amuyese wina. Woyesa winayo ali m'chipatala, ndatsala ndekha.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Ndege yomwe timauluka nayo kuno ndimaikonda, koma sindiikometsera. Imalimbana ndi ndege za adani, imaponya mabomba, imajambula, imamwetsa zinzake mafuta m'mlengalenga. Injini ziwiri, miyendo yolimba. Koma mapiko sapindika, mosungiramo zimangothithikana. Choipitsitsa, mpando umodzi basi. Palibe mphunzitsi wokhala kumbuyo kwako. Tsiku loyamba kutera panyanja uli wekha, ndi mawu anga m'khutu.

Fañch, makaniko wathu, akuti, "Imatha zonse iyi, bwana, kupatula kukhululuka."

Lachinayi, 9 Okutobala

Tugdual wazolowera mabwalo a kumtunda. Akayandikira amachepetsa moto wa injini kuti atere mofewa, ndipo kumeneko ankamutama nazo. Kuno ndi imfa. Umabwera ndi mphamvu, umadzimenyetsa pansi, mbedza ya kumchira ikole chingwe chopingasa pasitima. Ukafewetsa, umawomba kumbuyo kwa sitima. Lero watsika mopitirira kawiri. Mkulu wa gulu wanena: Loweruka ndi mwayi womaliza.

Tugdual anandipeza pamzere wa chakudya. "Alamu, musandiyalutse pagulu. Ingondisiyani, ndegeyo ndimaimva m'thupi." Ndinatenga mbale yanga n'kupita.

Uthenga wa Soizic: "Umusamale mwanayo. Mayi agula kale vinyo wa maapozi wa phwando lake akakhoza."

Loweruka, 11 Okutobala

Mafunde. Kumbuyo kwa sitima kukwera, kutsika.

Tugdual anabwera bwino, mwina kuposa anzake. Kenako kulira kwa injini kunatsika, pang'ono chabe. "Moto," ndinatero. "Moto!" Anawonjezera mochedwa. Mwina osati mochedwa kwambiri. Ndinadina batani lija.

Anadutsa pamutu pathu, nalamulidwa kukatera kumtunda. Za panyanja kwa iye zathera pomwepo. Ndinatembenukira ndege yotsatira.

Lachitatu, 15 Okutobala

Tabwerera kumtunda. Soizic sakuyankha foni. Apongozi nawonso zii.

Tugdual ndakumana naye pakhomo la kantini. "Ndikanatera. Inunso mukudziwa."

Sindikudziwa. Kanema wa katsikidwe kake ndamuonera mobwerezabwereza, sakundiuza kanthu. Mwina ndamuphera ntchito mwana wa eni pachabe, ndipo zikundiwawa.

Anakakhala tebulo lakutali, atandifulatira, akupaka batala wambiri pabuledi ngati ali kwawo. Ndinamuyang'ana mpaka chakudya changa chinazizira.

Andide. Bola akutafuna.