Makiyi Atangolira

Lachitatu madzulo, ku Evington. Mtima suli m'malo.

Lero m'kalasi ya unamwino taphunzira za akatswiri akale a zamaganizo omwe ankamenya chitsulo mwamphamvu khanda likangogwira khoswe woyera. Posakhalitsa khandalo linkalira likangoona khosweyo, ngakhale popanda phokoso. Ndafunsa aphunzitsi ngati anadzalichotsa manthawo. Akuti ayi. Ulendo wonse wa m'basi ndimangopsa mtima. Nkhanza zotani!

Nditafika pakhomo ndamva Tadala, mwana wanga, akuimba m'nyumba. Makiyi anga atangolira, nyimbo yadukira pomwepo. Ndamupeza ali phee, maso pansi, ine ndisanayankhule kanthu.

Inde, ndimakalipa ndikabwera wotopa kuchokera kushifiti. Koma mpaka mwana kuopa makiyi? Ndiye kuti chitsulo chija ndine. Akatswiri aja anangomusiya mwana wa eni. Uyu ndi wanga, ndiyambire pati?