Makham ndi Tiyi Wowawa wa Amayi

Lolemba, 3 Marichi

Makham ali ndi chotupa pa kapamba. Fereti wanga, kanyama kotalika ngati likongwe, wakuba masokosi a nyumba yonse, lero wangogona chigonere. Mo Anchali, dokotala wa ziweto wa ku Hang Dong uja, wati chotupacho chimatsitsa shuga m'magazi, n'chifukwa chake miyendo yakumbuyo imafooka. Wandipatsa mankhwala amadzi a m'mawa ndi madzulo. Akuti asamakhale ndi njala, ndipo asamwe china chilichonse.

Amayi atangomva, nkhope yawala ngati apeza mbale wawo. "Kapamba? Ngati ine! Ndiye shuga basi. Um'phikire mara." Nkhaka yowawa imene amamwa tiyi wake ija. Ndati, "Mae, shuga wanu ndi wokwera, wake ndi wotsika." Iwo: "Kapamba ndi kapamba, Jiab."

Lachiwiri, 4 Marichi

Utsi wa kumapiri wadzaza Chiang Mai yense, koma amayi apitabe kumsika. Abwerako ndi thumba: mara wouma, ufa wachikasu, bowa wolimba ngati thabwa. Ndati Makham asalaweko ngakhale kadontho. Akuti, "Iwe ndinakulera ndi masamba omwewa, taona mmene wanenepera." Vuto n'lakuti ine ndimaweruka mochedwa, mankhwala a madzulo azipereka ndi iwowo.

Lachitatu, 5 Marichi

Wadya bwino. Amayi akungomwetulira okha. Sindikukonda kumwetulira kumeneku.

Lachisanu, 7 Marichi

Ndabwera masana kudzadya, ndam'peza Makham pansi pa tebulo, thupi lili gwa, thovu kukamwa, akulira kulira kumene sindinakumvepo. Amayi kulibe, ali kukachisi. Ndam'paka uchi m'nkhama monga anandiphunzitsira Mo, ndam'kulunga m'thaulo, njinga yamoto liwiro.

Shuga anali atatsikiratu. Mo wafunsa kuti wadya chiyani. Ndaimbira amayi. Opanda ndi manyazi omwe: "Tiyi wa mara, kasupuni kamodzi kokha. Mankhwala a dokotalawo ndinam'pumitsako, amawononga chiwindi."

Kum'pumitsako! Ndakuwa pafoni mpaka agalu onse a m'chipatalamo ayamba kuuwa. Makham wagona konko.

Loweruka, 8 Marichi

Mo anati tibwere ndi thumba lonse. Amayi avala ngati akupita kuukwati.

Ndimayembekeza kuti Mo awakalipira. Ayi ndithu. Wawapatsa mpando, "Khun Mae, khalani apa," n'kuyala zitsamba patebulo chimodzichimodzi ngati akugula. Ufa wachikasu: sakudziwa aliyense amene anauyesapo pa fereti wodwala chonchi. Bowa: chimodzimodzi, ndipo sangadziwe kuti m'paketimo anasakanizamo chiyani. Atafika pa mara waima kaye. "Uyu anthu amamwera kutsitsa shuga. Makham shuga wake ndi wotsika kale. Mukam'patsa uyu, n'kusiya mankhwala anga, ndiye zadzulo zija."

Amayi, m'malo mopepesa: "Waona, Jiab? Adokotala avomereza kuti amatsitsa."

Ndinatsala pang'ono kugenda thumbalo pazenera.

Kenako Mo wafunsa mofatsa, "Nanga inu Khun Mae, dokotala wanu akudziwa kuti mumamwa mara pamodzi ndi mapiritsi?"

"Mapiritsi ndinasiya chaka chatha chisanathe."

Ine amene ndimakawatengera mapiritsiwo mwezi ndi mwezi, kuima pamzere mpaka miyendo kuwawa! Panja ndawafunsa kuti amawataya kuti. Akuti ali m'chitini cha mabisiketi. "Ndimafuna Makham achire kaye, kenako ndikuuze kuti waona, nanenso ndikuchira ndi zomwezi."

Ndiye fereti wanga anali woyeserapo. Ndawasiya pomwepo, abwerera okha pa matola.

Lamulungu, 9 Marichi

Makham wabwerako, wayamba kuyenda koma modzandira. Mo akuti akapeza mphamvu tikambirane za opaleshoni, koma wanena poyera kuti matendawa satheratu. Mankhwala ndawatsekera m'kabati, kiyi ali m'thumba mwanga. Thumba la zitsamba ndataya kubini.

Phi Narong waimba kuchokera ku Bangkok. Mchimwene wabwino, amabwera kamodzi pachaka, ndipo amanditchabe Nong, kutanthauza wamng'ono. "Nong, usawakalipire Mae chifukwa cha khoswe." Ndati choyamba si khoswe, chachiwiri amayi ako asiya mapiritsi, bwera udzawamwetse wekha. Wati ali pa msonkhano. Lamulungu!

Amayi aphika phala la mpunga, aika pakhomo pa chipinda changa. Lazizira pomwepo.

Lolemba, 10 Marichi

Ndapempha tchuthi. Sindisiyanso Makham ndi munthu ameneyu.

Chitini ndachipeza pansi pa bedi lawo, chodzaza mpaka pakamwa. Ndachikhuthula patebulo lodyera kuti akachiona achite manyazi. Adutsa ngati palibe kanthu. Ndaona kuti akumwa madzi kosalekeza, ndipo siketi yawo yabuluu ija akuimanga ndi pini. Awonda liti chonchi? Ine ndimayang'ana kuti?

Lachiwiri, 11 Marichi

M'mawa ndinali pansi kukhitchini, Makham pamiyendo, ndikum'baya kaphazi kuti ndiyeze shuga. Amayi aima pakhomo nthawi yaitali. Kenako alowa kuchipinda kwawo, atuluka ndi kamakina kawo koyezera, fumbi lokhalokha, n'kukhala pansi pafupi nane. Mawondo awo kuchita kulira.

"Wake ali bwanji?"

"Wakwerako."

Atambasula chala, nkhope ayang'ana kukhoma. "Baya. Koma usakuwe."

Nambala itatuluka, yokwera moopsa, sindinakuwe. Ayiyang'ana iwonso, kenako ayang'ana Makham amene amanunkhiza chala chawocho.

"Chipatala cha anthu amatsegula nthawi yanji?"

Ndapita kukatenga zipewa ziwiri za njinga yamoto.