Alamu anga andilanda mchere, akuti ndine ndadwalitsa amuna anga

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa zipatso m'mbali mwa msewu wokwera ku phiri. Amuna anga, a Hopewell, akhala akucheka matabwa m'nkhalango ya paini kumtundako kwa zaka 16. Kale ankatsika ndi thabwa pamutu kuchokera ku damu la Mulunguzi mpaka m'tauni osatula. Lero kuchoka pakhonde kukafika kubafa amaima kawiri.

Chifuwa chinayamba chaka chatha. Kuchipatala anayeza makhololo katatu, TB sinapezeke, magazi alinso bwinobwino tonse awiri. Koma ataona chithunzi cha m'chifuwa anawapatsabe mankhwala a TB. Miyezi isanu ndi umodzi, Aphungu, ine ndikuwapatsira mapiritsi m'manja, osadumphitsa olo tsiku limodzi. Chifuwa chili pompo. Maso afiira, m'khosi mwatuluka mwanabere.

Mwezi watha adokotala anadula kanyama pa mwanabereyo n'kutumiza ku Blantyre. Zotsatira zitabwera anati muli timibulu ting'onoting'ono, dzina lake magalanyuloma. Ndinafunsa kuti tabwera bwanji. Iwo anati, "Mayi, sindikunamizani. Tikuganizira matenda otchedwa sakoidosisi, ndipo chimene chimawayambitsa sichidziwika." Anapempha kuti abambo alowe m'kafukufuku wa odwala otere, azikayezedwa mwezi ndi mwezi.

Mawu akuti "sichidziwika" aja ndiwo andipachika. Alamu anga a Magret, achemwali awo a abambo, anali pomwepo. Tisanafike n'pageti pomwe anati, "Mwadzimvera nokha. Chimene achipatala sachidziwa, ife timachidziwa. Ili ndi tsempho. Wina anayenda ndi mwamuna wapadera n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za achimwene anga."

Chichokereni tsikulo sanabwerere kwawo. Mchere amausunga m'chikwama chawo. Ine ndimaphika, iwo n'kudzathira, ana akuona. Akuti pamsewu paja ndimaseka ndi madalaivala. Abale, munthu angagulitse mapichesi atakwinya nkhope? Akutinso a kafukufuku amangofuna magazi a anthu.

Tsopano andiuza kuti ndikavomera mlanduwu pamaso pa ankhoswe Loweruka lino, mankhwala a tsempho apangidwira pakhomo pano, ndipo zakuchipatala salowereranso. Ndikakana, akuwatengera kumudzi ku Chingale. Kumeneko adzawayeza mapapo ndani?

Sindinachimwe, Mulungu ndi mboni. Koma dzana abambo anandigwira dzanja n'kunena, "Amake Dinah, mungondiuza, sindikwiya." Ndinangolira ngati mwana. Ndatopa, Aphungu. Ndikuganiza zongovomera bodzali kuti munthu akhale pafupi ndi chipatala. Ndilakwa?

T. K.,
Masongola, Zomba

Mayi T. K.,

Pepani, katundu mwasenzayu ndi wolemera. Koma musavomere. Ayi ndithu.

Timibuluto si chilango. Thupi likakumana ndi chinthu chimene likulephera kuchigonjetsa, asilikali ake amachizinga n'kuunjikana malo amodzi, ndiwo magalanyuloma amenewo. TB imachititsa zimenezi, n'chifukwa chake matenda awiriwa amasokoneza ngakhale madokotala. Fumbi lina ndi tizilombo tina zimachititsanso. Nthawi zina asilikaliwo amangounjikana popanda mdani wooneka, ndipo ofufuza adakafunabe chifukwa chake. Adokotala ponena kuti sakudziwa, sananene kuti ndinu.

Loweruka lisanafike, bwererani kuchipatala ndi abambo, mutenge ankhoswe a mbali zonse ziwiri. A Magret muwaitanenso. Pakamwa pawo n'powawa, inde, koma kumbukirani kuti akuona achimwene awo akutha, ndipo mantha amafuna munthu womuloza chala. Pemphani adokotala afotokoze pamaso pa onse. Nkhani ya magazi ifunsidwe poyera: atenga ochuluka bwanji, apita nawo kuti, zotsatira aziona ndani. Kafukufuku sakakamiza munthu. Wosaina ndi a Hopewell eni ake, osati alamu, osatinso inu, ndipo akakana, chithandizo chawo sichiyenera kuima. Funsaninso za mankhwala ochepetsa kutupa, ndiponso kuti maso ndi mtima ziyezedwe. Ku macheka asabwerereko kaye.

Sindikulonjezani kuti achira. Ena matendawa amawathera okha, ena amakhala nawo zaka, ndipo ena amawasiyira zipsera m'mapapo zosafafanizika. Limbani mtima, ulendowu ukhoza kutalika.

N'chifukwa chake ndikuti chenjerani. Mukavomera Loweruka, mankhwala a tsempho adzamwedwa, chifuwa chidzakhala pompo, ndipo adzati mwabisa dzina la mwamuna wachiwiri. Zikadzavuta, Dinah adzakula akumva kuti mayi ake anavomera ndi pakamwa pawo kuti anapha bambo ake. Mawu amenewo simudzawabweza.

Ndipo pali munthu mmodzi amene mwamusiya mumdima. Amuna anu anakufunsani funso, inu munawayankha ndi misozi. Iwo mpaka pano sakudziwa kuti misoziyo imatanthauza chiyani. Musadikire ankhoswe. Lero lomwe khalani nawo pansi awiriwiri, muwayang'ane m'maso, muwauze kuti ayi.

Aphungu