Nthochi ya m'manda a Yohane

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Ndine mwana wanu Esitere, ndikulemba ndili pakhonde panu pomwe, kuno ku Rivirivi.

Chikuikireni m'manda takolola kawiri. Chimanga chachita bwino chaka chino, koma thonje latha ndi mbozi. Mng'ono wanga Felesiya ali ndi mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, ndipo akayamba kulira mudzi wonse umamva, ngati mmene munkaitanira nkhuku muja.

Nkhani yandilembetsa ndi ya abambo. Mutangotisiya, mutu wawo unayamba kutayika. Amaiwala kuti adya, ine amanditcha mlongo wawo, ndipo tsiku lina anthu anawapeza kunjanji, akuti akupita kusukulu. M'mudzi munayamba manong'onong'o a ufiti, ndiye ndinakawasiya kunyumba ya okalamba ya masisitere ku Balaka. Musandikwiyire, amayi. Kumeneko amawasambitsa, amawameta, phala amamwa lothira shuga. Ndimakawaona Loweruka lililonse.

Koma mtima wanga suli m'malo. Abambo aiwala zonse kupatula chinthu chimodzi chomwe anayenera kuiwala. Mukukumbuka chaka chija anyamata a chipani ankasaka achimwene anga a Yohane atang'amba khadi la chipanicho pamsika? Tinawaolotsa malire ku Nayuchi, n'kulengeza kuti ng'ona yawagwira mu Shire. Poti mtembo panalibe, tinaika thunthu la nthochi m'manda monga mwa mwambo. Inu munalira mpaka mawu kutha, a chipani aja n'kusiya kutizonda. Lero abambo amauza aliyense wowapatsa moni kuti, "Ife tinaika nthochi, mwiniwake ali moyo, akudya chinangwa ku Mozambiki." Amaseka akamanena, amayi. Zikangofika m'khutu loipa, tonse titengedwa, ndi Felesiya yemwe ndi khanda lake kumsana.

Amene amawasamalira ndi Abiti Musa, mayi wa ku Machinga. Amavala nsalu ya chipani, ndipo pamisonkhano amavina kutsogolo. Abambo akakana kudya, iwo amadziyesa inu. Amakhala pambali pawo n'kunena kuti, "Ndabwera, bambo a Yohane, yasamulani," abambo n'kuyasamuladi ngati mwana. Akadziipitsira amawapukuta osakwinya nkhope. Mwezi watha anawachotsa m'chipinda chachikulu momwe mumadutsa alendo, n'kuwaika m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini. Masisitere akuti ndi chifundo. Ine ndikuti, chifundo chanji chomuika munthu poti uzimumvera wekha? Paja munkati nkhuku yoti igwidwe amayamba aiwazira madeya.

Loweruka lapitali Abiti Musa anandiperekeza mpaka pageti, zomwe sanachitepo. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Musamaonde ndi maganizo, achemwali. Ifenso kwathu tinaika nthochi, ndipo mpaka lero imatitumizira moni."

Ndinafuna kuwagwira dzanja, ndinafuna kulira pachifuwa pawo. Koma ndinaona nsalu ija m'chiuno mwawo, ndipo ndinakumbukira kuti wofuna chinsinsi chako amayamba wakugawira chake, chingakhale chabodza. Ndinawayang'ana m'maso n'kuyankha kuti, "Iyayi mayi, sindikukumvetsani. Achimwene anga anagwidwa ndi ng'ona." Iwo anangoti, "Pepani," n'kubwerera kukawamwetsa abambo tiyi.

Ndiye ndiuzeni inu amene mukuona zonse kumeneko. Ngati inali nyambo, ndapulumutsa banja. Ngati ankanena zoona, ndamutsekera chitseko munthu yekhayo amene akubisa pakamwa pa abambo, wosenza katundu ngati wanga yemwe. Munkakonda kunena kuti wakutsina khutu ndi mnansi, koma masiku ano ndani akudziwa kuti akumutsina ndi mnansi kapena kazitape? Zikundipweteka, amayi. Abiti Musa ndawasungira nkhuku yoti ndikawapatse, koma sindikudziwa ngati ndikukathokoza kapena kukanyengerera.

Abambo sindiwachotsako, kulibe kwina komwe angadye. Ndizipitabe Loweruka lililonse, pakamwa panga potseka. Ndikulonjeza kuti mwezi wa mawa ndibwera ndi khasu kudzalambula manda onse awiri, anu ndi a nthochi aja, ndipo ndidzalira pa onse mofanana, anthu aone.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esitere