Ku Joni n'kufupi kuposa ku Hewe

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Rumphi tilipo. Ndikulemba m'Chichewa chanu cha ku Ntchisi, chimene apongozi anu a ku Hewe analephera kukuzulani pakamwa. Fodya chaka chino anachita bwino m'munda, n'kukadwalira ku okushoni. Mkazi wa mdzukulu wanu Chawanangwa wachira, mwana wamkazi. Tamupatsa dzina lanu, ndipo kulamula wayamba kale. Msewu wa ku Hewe akuti aukonza. Anatero pa chisankho chapita, ateronso pa chikubwerachi. Phula lili pakamwa pokha.

Nkhani yaikulu ndi ya mdzukulu wanu Tiwonge. Wapeza ntchito ya unamwino ku Joni, Joni yemwe uja anameza adada ine ndikukwawa. Mukukumbuka mmene munkaimikira khasu ndege ikamadutsa pamwamba pa munda? Munkaiperekeza ndi maso mpaka kuseri kwa phiri, kenako n'kundiuza kuti, "Usawade adada ako, mwanawe. N'kutali kumene kuja." Ndinakula ndikudziwa kuti Joni ali kumathero a dziko. Ku yunivesite anatiphunzitsa kukayikira chilichonse, ndipo ndinakayikira boma, abusa ndi sikelo ya mavenda, koma mawu anu okhawo sindinawakhudze.

Tiwonge ndinamuperekeza mpaka pa bwalo la ndege ku Lilongwe. Ataona nkhope yanga anati, "Adada, musachite ngati pamaliro. Ndi maola awiri ndi theka basi." Ndinaseka, poganiza kuti akundinyengerera ngati wodwala wokana jekeseni. Iye anakwera ndege, ine ndinakwera basi. Tisanafike n'komwe pa Jenda foni inalira: "Ndafika, adada. Kuno kukuzizira chomene." Ine ndinali ndidakali ndi nkhuku ya munthu wina pamiyendo.

Amayi, matola a ku Hewe akatitimira m'matope timakhala pamsewu nthawi yoposa pamenepo. Ndiye kuti munadikira mpaka kumanda munthu amene anali pafupi kuposa msika wa pa Boma nthawi ya dzinja. Kodi munkadziwa? Ndikuganiza kuti munkadziwa, ndipo kutali kuja munkakuphikira ine kuti ndigone.

M'nyumba muno tsopano ndatsala ndekha. Amake Tiwonge muli nawo komweko, muwapatse moni. Tiyi ndimathirabe makapu awiri, yachiwiriyo ndimamwa itazizira, poopa kuti mungandikalipire zotaya shuga. Foni ya ku Joni inkalira tsiku ndi tsiku, kenako Lamlungu lokha, pano imayamba ndi kupepesa. Dzana ndege inadutsa ndili m'kalasi, choko chinaima chokha pa bolodi. Ana anaganiza kuti aphunzitsi aiwala yankho.

Choopsa chinachitika ku tchalitchi. Amayi ena a mvano anandifunsa kuti mwana abwera liti, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakuti, "N'kutali kumene kuja." Mawu anu enieni, ndi kamvekedwe komwe. Iwo anati yewo n'kumapita, ine ndinatsala chiimire.

Ndiye ndakajambulitsa chithunzi cha pasipoti. Ndatuluka ngati wothawa apolisi, koma akuti ndi mmene amafunira. Ndikukulonjezani kuti Tiwonge akapanda kubwera pa Khirisimasi, ndikwera ndine, ngakhale ndizikagwira mpando ngati mbuzi ya pa njinga. Khasu lodikira munthu limene munaimika inu m'munda likukwanira banja lonse, ine langa sindiimika.

Ndine wokukondani mpaka pano,
mwana wanu Vitumbiko